M'phika Wonyezimira wa Murdo

Ku Speyside, banja la a Geddes linkatcheza mowa wa wisiki wa balere mum'phika umodzi wamkuwa, wakhosi lalitali lowonda. Wisikiyo ankanunkhira maapozi ndi uchi, ndipo anthu ankangomutchula kuti "wa malemu a Geddes". Mkuwa utadyeka, panafunika m'phika wina. Kumeneko mwambo ndi wakuti mmisiri amasula watsopano wofanana ndendende ndi wakale, ndi mopindika momwe.

Koma Murdo, mwana woyamba wa malemuwo, munthu wamtima wabwino ngakhale ankakonda kuonekera ngati tambala, anali ndi maganizo ena. Ankafuna m'phika wonenepa, wakhosi lalifupi, woti alendo aziujambula.

"Achimwene, khosi lalitali lija si lodzikongoletsera ayi," anatero mlongo wake Ishbel. "Nthunzi yolemera imatopera m'njira n'kubwerera pansi, yopepuka yokha ndiyo imadutsa. Mukalidula, zonse zizingowoloka."

"Iwe Ishbel, balere ndi yemweyo, madzi ndi omwewo. M'phika uli ndi lilime ngati?"

"Chabwino, bwana. Ife tizingopukuta."

M'phika unabwera, ndipo kunena zoona unali chiphadzuwa. Murdo ankauzungulira manja ali kumbuyo, akudziyang'anira pamkuwapo. Koma tsiku loyamba kutcheza, m'nyumbamo munamveka kafungo ka kabichi wowiritsa. Murdo anati ndi chimfine chabe.

Monga mwa chizolowezi cha pabanjapo, kapu yoyamba inapita kwa amayi awo a Effie, amene analawira amuna awo wisiki moyo wawo wonse. Mayiwo ananunkhiza, n'kunyowetsa milomo, kenaka anaika kapuyo pansi mwaulemu.

"Si woipa, mwanangu," anatero. "Wagula kwa yani?"

Mawu amenewo anamulasa Murdo kuposa chitonzo chilichonse. Anazindikira kuti bambo ake, amene ankanunkhirabe m'kapu iliyonse, anali atawatulutsa yekha pakhomo. Misozi inalengeza. Ishbel sanamuseke, anangomusisita paphewa.

"M'phika wakale uja sindinalole kuti ausungunule, achimwene. Uli m'khola la nkhosa. Muyimbireni mmisiri adzayeze."

"Nanga chiphadzuwachi?"

"Tidzalamo maluwa. Alendo anu aja azijambula."

Murdo anaseka uku akupukuta m'maso, n'kunyamuka kukayimba foni. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.