Wotsika pa Rodibuloko

Ku Kanyama tambala salira yekha, amathandizana ndi mahutala a minibasi. M'nyumba ya Fackson Sakala, woyamba kudzuka anali mkazi wake Tiza. Ankakoleza mbaula kunja kusanayere, kutenthetsa madzi osamba, kuwiritsa tiyi, n'kusita malaya a mwamuna wake ndi nsimbi ya makala, poti magetsi ankabwera ngati mlendo wosapangana naye. Akatero ankadzutsa mwana wawo Chipo kuti akonzekere sukulu, kenaka n'kumanga mtolo wa salaula, zovala zakale zimene ankagulitsa ku msika wa Soweto.

Fackson ankayendetsa minibasi ya munthu wina. Ulendo woyamba wa tsiku Tiza ankakwera nawo, pampando wakutsogolo, mtolo wake uli kumbuyo. Amayi a m'komboni ankamuchitira kaduka, amvekere uyu ndiye anakwatiwa, galimoto imamutenga pakhomo ngati bwana wa muofesi. Sankadziwa pamene ulemuwo unkathera.

M'mawa msewu wopita ku tauni umadzaza mpaka galimoto zimakwawa ngati zikuperekeza maliro. Chapakati pa ulendo apolisi ankaika rodibuloko, migolo iwiri pamsewu, n'kumaona mapepala ndi kuwerenga mitu ya okwera. Madalaivala anali ndi nzeru yawo. Basi ikadzaza mopitirira, ankaima chapatali n'kutsitsa owonjezera. Iwo ankayenda pansi ngati anthu odzipitira okha, kudutsa apolisi, n'kukakweranso kutsogolo. Koma munthu wolipira sakonda kutsika, amalalata n'kutukwana mtundu wonse wa dalaivala. Wosavuta kutsitsa anali Tiza, amene sankalipira ndipo sankalalata.

Poyamba zinachitika kamodzi, onse awiri n'kuseka. Kenaka zinasanduka mwambo, monga kusamba ndi kumwa tiyi. Fackson ankanyamula munthu wina woposa malo akudziwa kuti ali naye womutsitsa.

Mvula itayamba, madzi anadzaza m'mbali mwa msewu momwe oyenda pansi ankadutsa, moti ankakakamizika kuyenda m'mphepete mwa tala. Tsiku lina akumwa tiyi, Tiza anayankhula akuyang'ana m'kapu.

"Batate bake Chipo, vija votsika pa rodibuloko niopa manje. Mabasi yapita pafupi monga yafuna kunivula chitenje."

Fackson sanakane kuti mkazi wake akunena zoona. Anamuuza kuti apirire pang'ono, mwini basi walonjeza kumupatsa ina yokulirapo, ndipo ikangobwera sadzatsikanso. "Mailo nizasiyako malo," anatero. Mailo ameneyu, mawa wa m'tauni, ankabwerezedwa m'nyumbamo mpaka Chipo anayamba kumanena mawuwo bambo ake asanatsegule pakamwa.

Kondakitala wake Chishimba, munthu wa imvi amene anakalambira pakhomo la basi, nayenso sanasangalale nazo. Anadzipereka kuti azitsika iye, koma Fackson anati basi yopanda kondakitala imaitana maso a apolisi. Chishimba anapukusa mutu. "Mudala, ba mulamu si sipeya tayala iyai," anatero, okwera n'kuphulika kuseka. Fackson naye anaseka, n'kukweza wailesi.

Lolemba lina kunacha mvula itagwa usiku wonse. Tiza anadzuka ndi chifuwa, komabe anakoleza mbaula n'kuchita zake zonse monga mwa masiku onse. Pokwera anapempha kuti lero asatsike, ndipo Fackson anavomera ndi mtima wonse. Koma atayenda pang'ono, mayi wina wovala za ku ofesi anaimika basi, ambulera ili m'manja, akupempha ndi nkhope yomwe. Basi inali yodzaza kale. Phazi la Fackson linaponda buleki lokha, monga linazolowera.

Migolo ya apolisi itaonekera, Fackson anaima pamalo a nthawi zonse. Anangocheukira mkazi wake. Tiza anamuyang'ana pang'ono, anakokera chitenje kumutu, natsika.

Pa rodibuloko wapolisi anawerenga mitu n'kupeza kuti yakwanira, koma anamusunga Fackson kanthawi chifukwa cha tayala lina lakutha. Atamulola kupita, Fackson anakaima kutsogolo kudikira. Tiza sanaoneke. Kumbuyo kunkamveka mahutala ndi kukuwa kwa anthu, koma msewu umenewo sukhala chete m'mawa uliwonse. Okwera anayamba kung'ung'udza kuti achedwa ku ntchito, wina n'kumenya chitsulo cha basi ndi dzanja. Fackson anakumbukira kuti masiku ena akachedwa chonchi, Tiza ankakwera basi ya mnzake n'kutsogola. Chishimba anati apite akaone kaye. Fackson anati palibe nthawi, naliza injini.

Atafika ku Soweto anasenza yekha mtolo wa salaula kupita nawo pa benchi ya mkazi wake, akukonza m'mutu mawu opepesa. Anapeza benchi ili yovindikira. Ba Nkandu, mayi wogulitsa pafupi naye, anati Tiza sanafike. Fackson anaimba foni ya mkazi wake, inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, ndipo anayankha mwamuna wosamudziwa, amene anafunsa modekha ngati iye ali mbale wa mwini foniyo.

Zotsalazo anazimva m'zidutswa. Minibasi ina inatopa ndi mzere, inatulukira m'mbali kuti idumphe zinzake, ndipo galasi lake linali ndi nthunzi ya mvula. Inapeza mayi wofunda chitenje akuyenda m'mphepete mwa tala. Anthu anamunyamula pa galimoto ya munthu wachifundo kupita naye ku chipatala chachikulu. Kukuwa kumene Fackson anamva ataima kutsogolo kuja kunali komweko. Anali pafupi moti akanatsika n'kuyenda pang'ono, akanamugwira dzanja akadapuma. Pamene ankafika ku chipatala, atalimbana ndi mzere womwewo wa galimoto, anamwino anali atamufunditsa kale nsalu kumaso.

Maliro anakhalira pakhomo pawo. Amuna anakhala panja pansi pa tenti, amayi m'nyumba. Anzake a Fackson a pa siteshoni anabwera ambiri, onse akutukwana dalaivala wopupuluma uja, amene tsopano anali m'manja mwa apolisi. Fackson ankangogwedeza mutu. Chishimba anakhala kumapeto kwa benchi, ndipo Fackson sankayang'ana mbali imeneyo.

Amayi ake a Tiza anafika kuchokera ku Katete tsiku lachitatu. Atalira n'kupuma, anaitanitsa mkamwini wawo. Monga mwa ulemu wa apongozi, sanamuyang'ane kumaso kapena kuyankhula naye mwachindunji. Anakhala pamphasa atatembenukira kukhoma, Chipo atamugoneka pamiyendo, n'kuyankhula kwa mlongo wawo amene anabwera naye. Sanakweze mawu.

"Achimwene, ndifunsireni apongozi angawa. Ine kumudzi ndinkauza anthu kuti mwana wanga sayenda pansi, mwamuna wake ali ndi galimoto. Nanga tsiku limenelo ankafuna chiyani pamsewu, mvula ili pamutu?"

Fackson anatsegula pakamwa, koma mawu okhawo amene lilime lake linazolowera anali aja a mailo, ndipo analibenso womuuza. Anagwada pamenepo mutu uli pansi mpaka mlongo wa apongozi ake anamugwira paphewa kuti atuluke.

Ngozi Fackson ankaiona, ndipo kuikonza sikunali kovuta. Ankangodikira tsiku labwino loyambira. Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa.