Nkhunzi ya Nankhoma pa Tsiku la Ufulu

Kalekale, atsamunda akumanga katundu, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina dzina lake Nankhoma, wa liuma losasimbika. Anali ndi ana aamuna awiri: Barinaba, mkulu wa mpingo, ndi mng'ono wake Chimtengo, woimba ng'oma ku gule wamkulu. Awiriwa anali atasiya kudyera pamodzi. Uyu ankati mnzake ndi wakunja, uyo ankati mnzake anataya makolo. Panalinso mkamwini, Twaibu, Msilamu, amene sankalawa nyama yosachinjidwa ndi Msilamu. Mayiyo zinkamupweteka, zinkamupweteka ndithu.

Zitamveka kuti dziko likulandira ufulu, Nankhoma analonjeza nkhunzi yake yolusa kuti ikhale ya phwando. A mpingo anati tikadyera kutchalitchi, a gule anati kubwalo.

Tsikulo mbendera yatsopano inakwera, koma Nankhoma anayala mphasa pakhomo la khola n'kukhalapo.

"Amayi, anthu afa nayo nkhuli," anatero Barinaba. "Tsegulani."

"Ufulu wake uti, ana anga akudyera kosiyana? Muigwire nonse awiri, mpeni ukhale wa alamu anu. Apo ayi, nkhunziyi igona yamoyo."

Mukuganiza mayiyo anasuntha? Dzuwa linafika paliwombo, osasuntha. Abusa anadzamunyengerera, osasuntha. Barinaba, mtima utamuwawa, analumpha khola ndi chingwe kuti aigwire yekha. Nkhunzi kodi imadziwa mkulu wa mpingo? Inamugwetsera m'ndowe, jekete lake loyera ndi lomwe.

Chimtengo anayamba n'kuseka. Koma ataona nyanga zikulunjika pamimba pa mkulu wake, phwete linatha. Analumphira m'kholamo n'kuikakamira m'khosi.

"Achimwene, dzukani, mangani miyendo!"

Anaigwetsa awiriwo, thukuta lili kamukamu, ndipo Twaibu anabwera ndi mpeni wake, napemphera, n'kuichinja. Madzulo ake kwaya inaimba, ng'oma zinalira, Asilamu anavina sikiri, bwalo limodzi lomwelo. Nankhoma ataona ana ake akupatsirana chiwindi, analira ngati mwana, osachita nazo manyazi.

N'chifukwa chake, ana inu, tsiku la ufulu likafika kwathu kuno timayamba tawerengana. Wa tchalitchi alipo? Wa gule alipo? Wa kumzikiti wafika ndi mpeni? Pakasowa mmodzi, khola sititsegula, ngakhale njala itiwawe bwanji.