Mkamwini Amene Anagwira Apongozi Ake

Panali mkamwini wina waulemu wosaneneka. Akaona apongozi ake aakazi akubwera panjira, ankapatukira kutchire mpaka adutse.

Tsiku lina pamudzipo panali chinkhoswe, dzuwa likuswa mtengo. Ng'oma zitakolera, apongozi aja analowa m'bwalo, navina ngati mtsikana, nthungululu zili wawawa. Mwadzidzidzi anangoti khu pansi chagada. Kuwaitana, zii.

Ndiye muone chipwirikiti chake! Uyu akuwakupiza ndi chitenje, uyu akuwagwedeza, winayo wayamba kale kulira maliro. Mchemwali wawo anathamanga ndi chikho cha thobwa, akuti awamwetse kuti mphamvu zibwerere. Kumwetsa thobwa munthu wokomoka, abale inu. Ine zimenezi zimandipsetsa mtima.

Mkamwini anali ataima patali monga mwa mwambo. Koma iyeyu anaphunzirapo chithandizo choyamba ku esiteti ya tiyi kumene ankagwira ntchito, ndipo anamva kukhosi kwa mayiwo kukulira ngati mkonono. Anadziwa kuti lilime latseka njira ya mpweya, ndipo thobwalo likangolowa, munthu wapita.

Anakankha anthu, nagwada pambali pawo.

"Chotsani chikhocho. Tasunthani, apeze mpweya."

"Bambo, awa ndi apongozi anu," anatero mchemwali uja, maso ali tong'o.

"Ndikudziwa, mayi."

Anawagwira paphewa ndi m'chiuno, inde m'chiuno mwa apongozi, mudzi wonse ukuona. Anawatembenuzira cham'mbali, napinda bondo lapamwamba kuti asagubuduke, nakweza chibwano chawo. Pompo masanzi anatuluka n'kuyenderera pansi. Mkonono uja unaleka, chifuwa n'kuyamba kukwera ndi kutsika bwinobwino. Anatuma munthu kukapeza galimoto yopita kuchipatala, iye osasuntha, khutu lili pafupi ndi mphuno zawo. Galimoto isanafike, mayi aja anatsegula maso, nafunsa chimene ng'oma zalekera.

Tsono inu mukundimvera pano, amene adzagwe pamaso panu mwina adzakhala munthu amene mumamuopa: apongozi, abusa, abwana a kuntchito. Manyazi adzakuuzani kuti imani patali, ena abwera. Musawamvere. Gwadani, mverani ngati akupuma, ndipo akakhala kuti akupuma mgonekeni cham'mbali, pakamwa pake musaikepo kanthu, ndipo itanani thandizo. Ngati mwambo walakwika, mudzapepesa mawa, kwa munthu wamoyo.