Bokosi Limene Apongozi Anamanga

Panali munthu wina ku Limbe, bambo wachinyamata wa mwana mmodzi. Mwanayo anali wamkazi, wa miyezi isanu ndi iwiri, dzina lake Tinyade. Munthuyu anali wamantha pa za mwana wake. Tinyade akangotsokomola kamodzi, iye anali atavala kale nsapato kuti athamangire kuchipatala.

Nyengo yokolola itayandikira, banjali linagwirizana kuti mayi ndi mwana akakhale kumudzi ku Phalombe kwa miyezi iwiri. Kumudziko kunalibe magetsi. Choncho munthuyu anagula batire lalikulu la sola, la mtundu wa lifiyamu, lolemera ngati theka la thumba la chimanga, kuti m'nyumba muziwala ndipo foni isamazime.

Wogulitsa batirelo anamugwira dzanja asanatuluke m'sitolo. "Bwana, ili si batire la muwailesi ayi. Likapsa mtima, moto wake sumva madzi a m'ndowa. Mitu yake iwiriyi muimate ndi tepi. Likhale lokha m'bokosi lolimba, choimirira. M'mbali mutsekere makatoni kuti lisagwedezeke. Chachitsulo chilichonse chisalowemo. Kunja mulembe chimene chili m'katimo, ndipo dalaivala mumuuze."

Munthuyu anachita zonsezo. Anamata mitu ija kawiri. Anagwedeza bokosi, osamva kanthu. Analemba pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu, mtima wake n'kukhala pansi.

Koma m'nyumbamo munalinso apongozi ake, amayi a mkazi wake, amene anabwera kudzathandiza kulera mwana ndipo amabwerera nawo limodzi. Anali mayi wosunga mwambo. Sankadya pamaso pa mkamwini, ndipo akafuna kumuuza kanthu ankadzera kwa mwana wawo.

M'mawa wa ulendo, munthuyu atabwerako kosamba, anapeza bokosi lija litazengedwa ndi mphira wa chubu cha njinga, mfundo zake zolimba bwino. Makatoni ake aja anali mbwee pakhonde.

"Uwauze amuna akowo," anatero apongozi kwa mwana wawo, "kuti bokosi lonseli amangodzazamo zinyalala. Ndachotsa, ndaikamo tinthu tanga. Malo sitiseweretsa pa ulendo."

Munthuyu anayang'anitsitsa mfundo zija. Mkamwini angamasule bwanji mfundo imene apongozi amanga? Kutero n'kuwanena kuti ndi wakuba kapena wopanda nzeru. Anadziuza kuti mwina ndi zovala chabe. Ananyamula bokosi, ulendo wa kudepoti.

Kudepoti, kondakitala wa minibasi analandira bokosilo osawerenga n'komwe zimene zinalembedwa. Analigoneka cham'mbali, n'kulikankha ndi phazi pansi pa mpando. Pamene linkalowa, munthuyu anamva kaphokoso m'katimo: kweche. Si mmene zovala zimalirira.

Pa mpando womwewo anakhala mkazi wake, Tinyade ali pamiyendo, timapazi take tikulendewera pamwamba penipeni pa bokosilo. Mwanayo ankayamwa chala n'kumasekerera bambo ake pazenera. Dalaivala analiza injini. Munthuyu anaganiza za msewu wa makilomita ambiri, maenje ake, dzuwa la masana, ndi chitseko chimodzi cha minibasi chimene chimatsegulidwa ndi chibakera.

Anapita pakhomo la minibasi, nanjuta pansi pamaso pa anthu onse, nawomba m'manja.

"Pepani amayi, ndilakwe ndine. Ndimapempha ndimasule bokosi lija."

M'minibasi phokoso linabuka.

"Aise, tikuchedwa!" anakuwa kondakitala. "Mkazi akupita kwawo basi, sakuthawa ayi!"

"Akamwini a masiku ano," anatero mayi wina kumbuyo, "kufufuza katundu wa apongozi ngati apolisi a pamsewu!"

Mkazi wake anamunong'oneza, "Bambo a Tinyade, mukundichititsa manyazi." Apongozi anayang'ana kumbali, nakoka mpango kuphimba pakamwa.

Mkamwini uja anaweramira pansi pa mpando. Makutu akumuotcha ndi manyazi, anakoka bokosilo pang'onopang'ono, naliimika pansi kutali ndi galimoto, namasula mfundo zija imodziimodzi.

M'katimo munali masupuni asanu ndi limodzi, kampeni, sopo, ndi mpukutu wa sitiliwulu wotsukira mapoto. Munalinso paketi ya shuga yong'ambika, yomatidwa bwinobwino ndi tepi yakuda. Inali tepi ija ya pamitu ya batire. Mitu iwiriyo inali pamtunda, ikunyezimira.

Anachotsa masupuni aja mosamala. Atagwira sitiliwulu kuti amukweze, tinsinga take tinakhudza mitu yonse iwiri. Moto unangoti phwii, nthethe zikuthetheka ngati kwa owotcherera. Anaponya mpukutuwo pafumbi, naupondaponda ndi nsapato mpaka unazima. Panatsala kautsi ndi fungo la chitsulo chopsa.

Palibe anasekanso. Dalaivala anazimitsa injini, natsika, nawerenga zilembo zija mokweza, kenako anatembenukira kondakitala wake. "Iwe, sukulu unapita kukadya phala?"

Mayi wa kumbuyo uja anagwira pamtima. "Mayo ine! Ndinakhala pafupi ndi bomba ndikudya chinangwa."

Apongozi anatenga Tinyade m'manja mwa mayi ake, namukumbatira nthawi yaitali. Kenako anamubweza, natsika, napita kwa amayi ogulitsa mabisiketi. Anabwerako ndi makatoni atatu pamutu. Anagwada pafumbi pomwepo n'kuyamba kuwang'amba okha, mkamwini akutsekera m'mbali mwa batire. Dalaivala anatulutsa tepi yake, mitu ija n'kumatidwanso. Bokosi linaimikidwa kumbuyo, palokha, pamthunzi, litamangidwa kuti lisagwe. Masupuni anakwera m'chikwama cha eni ake.

Minibasi inanyamuka mochedwa ndi theka la ola, ndipo palibe anadandaula. Munthu uja anakhala pamwala wa pomwepo. Anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo umene sankadziwa kulemera kwake. Madzulo ake foni inalira. Anali mkazi wake: afika bwino, nyali zayaka, ndipo Tinyade akulira chifukwa akufuna kugwira babu.

Tsono inu makolo anzanga amene mwamva fanizoli, apongozi aja sanali oipa. Ankafuna kuthandiza, koma sankadziwa chimene chinali m'bokosimo. Wodziwa anali mkamwini, ndipo anatsala pang'ono kukhala chete. Akulu anati manyazi anapha Lambe. Lambeyo anafa yekha, koma manyazi a kholo amagwera mwana. Ngati mukudziwa chimene chili pansi pa mpando wa mwana wanu, njutani, ombani m'manja, pepesani mwaulemu wonse umene munaphunzira kwanu. Mukatero, masulani mfundoyo basi isananyamuke.