Nambala Imene Inakayesedwa pa Dzuwa la ku Nchalo

Panali mayi wina, katswiri wa zamagetsi, amene ankagwira ntchito pa kampani ina mu Blantyre. Kumeneko ankapanga tizipangizo tolondera mafiriji a katemera m'zipatala za kumidzi. Firiji ikayamba kutentha, kachipangizoko kankatumiza uthenga pa foni ya namwino.

Mtima wa kachipangizo kotere ndi tchipi, kanthu kochepa ngati chikhadabo. Mkati mwa tchipi muli kampopi ka magetsi. Mmisiri amalemba nambala pa kompyuta, ndipo kampopiko kamatseguka kulekeza pomwepo. Akatsegula kwambiri, batire silichedwa kutha. Akatsina kwambiri, tchipi imakomoka.

Mnzake wa pantchito, bambo wanzeru ndithu koma wokonda kuomberedwa m'manja, anatsitsa nambalayo mpaka batire linkakhala miyezi isanu. Anayesera mu ofesi, fani ikupemerera, ndipo zonse zinayenda myaa. Abwana anakondwa, nalamula kuti tizipangizo tonse makumi anayi tipakiridwe m'makatoni.

Koma mayi uja mtima sunakhale m'malo. Anabadwira ku chigwa cha Shire, ndipo ankalidziwa dzuwa la Okutobala, lija limathamangitsira mbuzi pansi pa ngolo. Anapempha tsiku limodzi lokha. Anakwera minibasi kachipangizo kamodzi kali m'chikwama, natsikira pa Nchalo, n'kukakaika m'kanyumba ka malata dzuwa lili paliwombo. Ola lisanathe kanangoti zii. Uthenga sikanatumize, chonsecho nyale yake inkayakabe ngati kali bwinobwino. Anakweza nambala pang'ono, kanakomokanso. Anakwezanso, thukuta lili kamukamu, ndipo ulendo uno kanapirira mpaka dzuwa kupendeka.

Atabwerera anauza abwana kuti makatoni onse atsegulidwe, nambala ikwezedwe m'tizipangizo tonse. Mnzake uja anadandaula kuti tsopano batire lizitha m'miyezi itatu, ndipo anthu aziwaseka kuti ntchito saidziwa. Mayiyo anamuyankha osakweza mawu.

"Achimwene, batire likatha timasintha. Koma katemera akawonongeka popanda wodziwa, ana amabayidwa madzi, amayi awo n'kumabwerera kunyumba akuthokoza."

Abwana anangomupatsira mayiyo mpeni wotsegulira makatoni.

Mwezi wotsatira, firiji ya pa chipatala china ku Nsanje inafa masanasana. Foni ya namwino inalira, iye n'kusamutsira katemera yense m'bokosi la ayezi asanafunde. M'mawa mwake ana anabayidwa mankhwala enieni. Pa mzere wonse wodikira katemera panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anamvapo dzina la mmisiriyo.

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, ine mayi ameneyu ndimamunyadira, sindibisa ayi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Nambala imene mwalemba muli pamthunzi musathamangire kuitumiza kwa anthu. Pitani nayo kumene ikagwire ntchito, dzuwa lakumeneko likuwotcheni inuyo poyamba, lisanawotche katemera wa mwana wa eni.