Miyala Imene Inakana Kuloza Kumpoto

Panali munthu wina, mayi wodziwa za miyala, dzina lake Nachanza. Akuntchito kwake anamutuma ku mapiri akutali kuti akafufuze mbiri ya mapiriwo.

Musaseke, miyala imakumbukira. Mwala ukamabadwa umakhala chiphalaphala chotentha, ndipo m'kati mwake mumakhala tizitsulo tosaoneka ndi maso. Tizitsuloto timaloza kumpoto ngati singano ya kampasi, kachipangizo kolozera njira. Chiphalaphalacho chikazizira, timaumira momwemo, tikuloza komweko.

Nachanza anakhala m'phiri miyezi iwiri. Asanagumule mwala, ankayang'ana kampasi, n'kujambula pamwalapo muvi woloza kumpoto kwa lero. Anayambira m'munsi, kumene kuli miyala yakale, n'kumalizira pamwamba, kumene kuli yatsopano. Inakwana makumi anayi, uliwonse ndi nambala yake.

Atabwerera, anaiyeza pa makina kuti aone kumene tizitsulo tija tikuloza. Miyala khumi ndi iwiri yokha ndiyo inagwirizana ndi muvi wake. Ina yonse inapatukira kumadzulo, ina pang'ono, ina kwambiri.

Mkulu wa ntchitoyo, a Msosa, anali munthu waphuma, aja oyankha funso lisanathe.

"Mayi, kampasi munkaigwirira pafupi ndi hamala," anatero. "Chitsulo chimanamiza singano, zimenezi ngakhale wophunzira wa chaka choyamba amazidziwa. Miyala yokhotayo katayeni. Kuphiriko tidzatuma wina."

Nachanza anamva tanthauzo lake: ntchito yamuthera. Anachita mantha, komanso manyazi. Kulumbira sakanatha. Ndani angakumbukire pamene anasiya hamala maulendo makumi anayi?

Anakweza miyala ija pa wilibala, nauyamba wa kudzala. Koma atafika pakhonde anaima. Miyala imene anaisenza pamsana kutsika nayo phiri, aitaye asanaifunse n'komwe?

Anaitsitsa. Anaindandalika pakhondepo monga inakhalira kuphiri, wakale kwambiri poyamba, watsopano pomaliza, mivi yonse itayang'ana mbali imodzi. Kenaka pamwala uliwonse anagonekapo kamtengo ka machesi, kuloza kumene makina anapeza.

Atabwerera m'mbuyo kuti aone bwino, anaona chodabwitsa. Timitengo tija sitinali balala. Ka pamwala woyamba kanapatuka kwambiri. Kachiwiri kanachepetsako. Kachitatu kanachepetsanso. Tinkawongoka pang'onopang'ono ngati muvi wa wotchi, mpaka pamwala wa nambala 29. Kuyambira pamenepo tonse tinaloza kumpoto, kuti njo.

Anakawaitana a Msosa. "Bwana, ndisanataye, tabwerani muone."

A Msosa anayenda kutsata mzerewo, kupita ndi kubwerera. Phuma lija linawathera.

"Hamala salakwitsa mwa dongosolo chonchi," anatero motsitsa mawu. "Mayi, mundikhululukire. Si inu munakhota. Ndi phiri limene linatembenuka."

Ndipo zinalidi choncho. Mwala uliwonse unaloza kumpoto molondola pa tsiku limene unauma. Kenaka phiri lonse linapotoloka pang'onopang'ono litaunyamula. Wakale unazungulira ulendo wautali, watsopano waufupi. Popeza zaka za mwala uliwonse zinali zitayezedwa kale, wa nambala 29 unawauza nthawi imene phirilo linaleka kutembenuka. Chimene ankachifunafuna chinali m'miyala yomwe ija inali pa ulendo wa kudzala.

Nachanza anangokhala pansi pasimenti pomwepo, n'kuseka misozi ili mbwembwembwe. Mtima unakhala m'malo. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi.

Tsono inu mukundimveranu, kwanu kuli miyala yotere. Alipo bambo anu, amene mukawafunsa njira amaloza kumene kulibenso njira. Alipo mkulu uja kuntchito, amene malangizo ake mumati ndi achikale, n'kumatsinana akatembenuka. Ine ndimakuonani, ndipo zimandiwawa. Sindikuti muziyenda kumene akulozako. Ndikuti musanawakweze pa wilibala, afunseni kuti analoza liti, ataima pati. Mwina analoza zoona pa tsiku lawo, koma nthaka ndiyo yatembenuka. Mukawataya, adzakuuzani ndani kutalika kwa ulendo umene mwazungulira? Nanunso mukuuma, ndipo phiri lanu silinaleke kuyenda.