Zengerezu ndi Chiboda cha Kavalo Wake

Ana inu, pali liwu limodzi limene ndalimva zaka makumi atatu za uphunzitsi wanga mpaka makutu kuwawa. Liwulo ndi "mawa". Chapa malaya, mawa. Maliza ntchito yako, mawa. Koma inu! Ndiye tatcherani khutu ndikuuzeni za munthu amene mawa adamulanda chinthu chosabwezeka, pakuti mwambi wina umene mumaumva kwa akuluakulu udachokera pa iyeyo.

Kumapiri a ku Ntcheu kunali bambo wina dzina lake Yotamu Chinkhande. Anali mkamwini, ankakhala kwawo kwa mkazi wake Nangozo. Amayi ake omubala anatsala kuseri kwa phiri pamodzi ndi mlongo wake Dorika, ulendo wa masiku awiri wapansi, njira yake miyala yokhayokha. Yotamu sanali munthu woipa ayi, ndisamunamizire. Anali wansangala, wopatsa, ndipo amayi ake ankawakonda kwabasi. Chilema chake chinali chimodzi: ntchito ya lero ankaikankhira mawa. Denga likadontha, mawa. Khasu likaguluka, mawa. Anthu anamutcha Zengerezu, mwiniwake n'kumaseka nawo.

Yotamu anali kapitawo pa esiteti ina ya fodya. Mwini esitetiyo pobwerera kwawo anamusiyira kavalo wofiirira, dzina lake Namondwe. Tsiku lokamutenga, a Matewere, mkulu amene ankasamala akavalo pamenepo, anamuitanira pambali. Anatukula mwendo wa kavaloyo n'kumuonetsa kunsi kwa chiboda.

"Taonani apa, a Chinkhande," anatero a Matewere. "Chiboda cha ng'ombe n'chogawikana, matope amalowa n'kutuluka okha. Cha kavalo chili ndi mphako kunsiku. Chimene chalowamo chimakhala momwemo mpaka munthu achichotse. Muzitokosamo m'mawa uliwonse ndi kachitsulo aka, ndipo azigona pouma. Mukaona zachilendo, kwathu n'kutsidya kwa dambo basi, mudzandiitane."

Yotamu anathokoza, nalandira kachitsulo kokhota kaja. Ulendo wake woyamba pa kavalo unali wa kwa amayi ake. Ananyamuka dzuwa likutuluka, anafika lisanapendeke. Amayi aja anali atakalamba, maso ali mbuu, ndipo anangomusisita Namondwe pakhosi uku akuseka.

"Amayi, phiri lija latha tsopano," anatero Yotamu. "Tsiku limene mudzandifune mudzangotuma munthu. Uthenga ukadzandipeza, dzuwa la tsiku lomwelo silidzalowa ndisanafike."

"Ndamva mwanawe," anayankha amayi ake. "Maso anatha awa, koma makutu alipo. Ndizidzamvetsera mdidi wake."

Lonjezo limeneli muligwire bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Kumudzi, Yotamu anamulowetsa Namondwe m'khola la ng'ombe za apongozi ake, akuti mongoyembekezera. Kachitsulo kaja anakatsomeka kudenga la khonde. M'chilimwe zinayenda bwino, pansi panali pouma. Koma mvula itagwa, kholalo linasanduka phala la matope ndi ndowe, ndipo kavalo ankaima m'menemo tsiku ndi tsiku.

Amene anayamba kuona vuto anali Nangozo, poti ndiye ankamupatsa madeya.

"Bambo, Namondwe sakuponda bwino ndi mwendo wakutsogolowu," anatero tsiku lina. "Ndipo chibodacho chikununkha ngati dzira lovunda."

"Aaa, mayi, ng'ombe za atate ako zagona m'matope omwewo zaka zingati? Inafapo ndi iti? Mvula ikakata ndimumangira khola lakelake."

"Nanga kachitsulo kaja?"

"Mawa, mayi. Lero ndatopa."

Nangozo anayesa yekha kutukula mwendowo, koma kavalo anali atazolowera dzanja la Yotamu lokha, ndiye anamuponyera kuchipupa ndi theche. Patapita sabata ziwiri mayiyo anati apite akaitane a Matewere. Apo Yotamu anakalipa.

"Ukufuna mkulu uja adzapeze kavalo ali m'ndowe kuti anditenge chitsiru? Ndiyambe ndamanga khola, kenako tiwaitane."

Mwauona uchitsiru wake? Manyazi a ntchito imene sanagwire anamuletsa kuitana munthu woti amuthandize. Ine zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Mitengo ya kholalo anadula ndithu, koma inangokhala kuseri kwa nyumba mpaka chiswe kuyamba kuidya.

Tsono m'mawa wina, mwezi wa Febuluwale, anatulukira mlamu wake, mwamuna wa Dorika, miyendo itatupa ndi ulendo.

"Alamu, amayi akuti mubwere," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Chakudya asiya. Dzina limene akutchula ndi lanu lokha."

Tsiku limenelo Zengerezu sanazengereze. Anathamangira kukhola n'kumanga chishalo. Nangozo anamugwira mkono.

"Bambo, kavaloyu safika. Nyamukani wapansi pompano."

"Wapansi ndi masiku awiri, mayi! Ine ndinawalonjeza dzuwa la lero."

M'dambo, pansi pali pofewa, Namondwe anayesetsa ndithu, nyama yokhulupirika. Atafika pamiyala ya m'tsinde mwa phiri anayamba kutsimphina. Yotamu anamukwapula, chinthu chimene anali asanachitepo. Kavalo anakwera pang'ono, thukuta lili kamukamu, kenako chiboda chija chinang'ambika, n'kutuluka mafinya osakanikirana ndi magazi. Namondwe anagwada. Anayesa kudzuka, anagwadanso. Ndiye poti mbuye wake ankamukokabe chingwe, anayamba kudzikoka ndi maondo pamiyala paja, kwawukwawu, kwawukwawu.

Apo Yotamu anataya chikwapu. Anakhala pansi natukula mwendo uja, koyamba chimulandirireni kavaloyo. M'kati mwa chiboda munali mwakuda bii, mofewa ngati dzungu loola, ndipo pakatikati panali kamwala kochepa ngati njere ya mtedza. Kamwala kameneko kachitsulo kaja kakanakachotsa munthu asanamalize n'komwe kupereka moni. Bambo wamkulu uja analira mokweza.

Anamusiya Namondwe pansi pa mtengo wa msuku, napempha mayi wina amene ankazula bowa kuti akauze Nangozo. Iye anayamba kuthamanga. Koma munthu anali atazolowera chishalo, kuyenda anali ataiwala. Majombo anamutupitsa matuza, anawavula. Miyala inamucheka mapazi. Dzuwa limene analonjeza lija linalowa iye ali pakati pa phiri. Tsiku lotsatira masana, pa chitunda chomaliza choyang'ana kwawo, mapazi anakana, ndipo anakwera ndi manja ndi maondo monga anachitira kavalo wake. Ali pomwepo anamva kulira kwa amayi ambiri kuchokera m'mudzi, ndipo sanafunikire womuuza.

Dorika anamuona akukwawira pabwalo. Sanamukalipire, bola akanamukalipira.

"Achimwene, dzulo lonse anakana kulowa m'nyumba," anatero Dorika. "Anati ndiwagoneke pakhonde, khutu kunjira. Wina akayamba kusinja kuseri uko, iwo amvekere, 'Dorika, si Namondwe uyo?' Ine n'kumati ayi amayi, ndi mtondo. Dzuwa litalowa anangoti, 'Kwamugwera kanthu, mwana wanga sanama.' Atisiya m'mawa uno."

Yotamu anagwa chafufumimba pakhonde pomwepo, pamene mphasa ya amayi ake inali ikadali chiyalire. Amalume ake, amene ankamudziwa kuyambira ali mwana, anamudzutsa namufunsa za kavalo. Iye anaulula zonse, za khola, za kachitsulo, za a Matewere, osabisa kanthu. Mkuluyo anayang'ana maondo a mphwake ali magazi okhaokha, napukusa mutu.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero chapansipansi. Anthu amene anali pamaliropo anamva, ndipo mawuwo anapita nawo kwawo.

Kumbuyo kuja Nangozo anali atathamangira kwa a Matewere, ndipo awiriwo anakamupeza Namondwe pansi pa msuku paja. A Matewere anagwira mwendo, anaupeza wotentha mpaka m'bondo. Anati kukanakhala mwezi wathawo, madzi ofunda, mchere ndi khola louma zikanakwana. Kavaloyo anafera pomwepo patapita masiku atatu. Yotamu atabwerako kumaliro anasolola kachitsulo kaja kudenga, kali dzimbiri lokhalokha, ndipo akuti ankayenda nako m'thumba mpaka imfa yake.

Ndiwo mwambi uja, ana inu: Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kulinda ndi kudikira, ndipo kwawukwawu ndi kayendedwe ka munthu amene akukwawa chifukwa miyendo yakana. Akuluakulu akatero amatanthauza kuti vuto limayamba lili laling'ono, loti ungalichotse ndi zala ziwiri, koma wozengereza amalidikira mpaka limugwetse pansi. Ndipo choopsa chake n'chakuti sagwa yekha. Yotamu anazengereza, koma amene anawola mwendo ndi Namondwe, amene anagona pakhonde tsiku lonse kumvetsera mtondo ndi amayi ake.

Choncho iwe amene uli ndi kachilonda kamene ukubisa, kapena mawu opepesa amene ukusunga, kapena kholo limene ukuti udzakaliona ukadzapeza mpata, usandiuze za mawa. Yotamu anali nawo mawa ambirimbiri, koma tsiku limene ankalifuna linali limodzi lokha, ndipo analipeza litapita.